Ceftriaxone pa wodi ya ana: jakisoni wamphamvu amene tikumufoola ndi kumukonda

Kabotolo kake n'kakang'ono, kagalasi, kotsekedwa ndi labala, ndipo m'kati mwake muli ufa woyera wopita kuchikasu wolemera galamu imodzi. Pa wodi palibe amene amatchula dzina lonse. Anamwino ndi madokotala amangoti "cef", pamene amayi ogonera ana amamudziwa kuti ndi jakisoni wa kamodzi patsiku uja.

Maganizo athu tiwanene pachiyambi pomwe. Kwa mwana wa matenda oumitsa khosi, kapena wa taifodi yoopsa woti sangathe kumeza piritsi, ceftriaxone ndi mankhwala oti chipatala chisagone chilibe. Koma kwa mwana wa chibayo amene wangofika kumene, wa chimfine cholowa m'chifuwa, wotsegula m'mimba mwamadzi, kapena wa malungo amene wadzuka kale n'kumadya phala, kumubaya cef n'kumwaza mbewu pathanthwe, ndipo kumasiya vuto kwa mwana wa bedi loyandikana.

Anapangidwa ndi kampani ya Roche ya ku Switzerland ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1982 ndi dzina lakuti Rocephin. Umwini wa Roche utatha, makampani ambiri, makamaka a ku India ndi China, anayamba kupanga, mtengo n'kutsika. M'zipatala za boma ku Malawi anayamba kupezeka cha m'ma 2005, pa nthawi imene ankafunikadi, chifukwa tizilombo ta Salmonella tolowa m'magazi a ana tinali titasiya kumva ampicillin, bactrim ndi chloramphenicol, onse atatu. Taifodi yosamva mankhwala atatu omwewo itabuka mu Blantyre kuyambira 2011, cef anadzutsa ana ambiri. Mbiri yabwinoyi ndi yoona, ndipo ndi imene inazika chizolowezi.

Chomwe amakondedwera ndi chakuti amakhalitsa m'thupi. Amamatirira ku mapuloteni a m'magazi n'kumatuluka pang'onopang'ono, moti pakadutsa maola 6 mpaka 9 theka lake limakhala likadalimo. Benzylpenicillin, amene pa wodi timati X-pen, theka lake limatha ola lisanakwane, n'chifukwa chake amabayidwa maola 6 alionse. Taganizirani namwino mmodzi wa usiku pa wodi yodzaza mpaka ana awiri pabedi. X-pen wa pakati pa usiku ndi wa m'bandakucha ndi ntchito yeniyeni, ndipo mlingo wina umadumphidwa ndithu. Cef ndi ulendo umodzi basi. Kanula ikatuluka n'kusowa mtsempha, amatheka kubayidwa pantchafu. Salira kuyang'anira impso monga gentamicin, ndipo amalowa bwino m'madzi ozungulira ubongo. Pa mbali imeneyi sitingamunyoze.

Mlingo ndi kasakanizidwe

Mlingo umatsata kulemera kwa mwana, ndiye choyamba ndi sikelo, osati kungomuyang'ana n'kuganizira. Pa matenda ambiri ndi 50 mpaka 80 mg pa kilogalamu iliyonse, kamodzi patsiku. Pa matenda oumitsa khosi ndi 100 mg pa kilogalamu kamodzi patsiku, kapena 50 mg kawiri, osapitirira magalamu 4 patsiku. Khanda losapitirira masiku 14 lisapatsidwe koposa 50 mg pa kilogalamu.

Wobayira mumtsempha amasungunulidwa ndi madzi a jakisoni. Mukathira 9.6 ml m'botolo la galamu imodzi, ufawo umadzaza malo otsalawo ndipo mumapeza 100 mg mu 1 ml iliyonse. Makampani amasiyana pang'ono, choncho kapepala ka m'bokosi kawerengedwe. Mwana wa 12 kg wofunika 80 mg pa kilogalamu apatsidwa 960 mg, amene ndi 9.6 ml, pafupifupi botolo lonse. Mwana wa 18 kg wa matenda oumitsa khosi afunika 1,800 mg, kutanthauza mabotolo awiri. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amamupatsa botolo limodzi poti "ndi mwana", n'kumupatsa 55 mg pa kilogalamu, kungopitirira theka la zimene ubongo wake ukufuna.

Wobayira mumnofu amasungunulidwa ndi 3.5 ml ya lignocaine wa 1 peresenti, mankhwala ochititsa dzanzi, chifukwa popanda iye jakisoniyu amawawa koopsa. Zikatero mu 1 ml mumakhala pafupifupi 250 mg. Abayidwe mozama kutsogolo kwa ntchafu chakumbali, ndipo ngati mlingo ndi waukulu ugawidwe ntchafu ziwiri. Botolo losakaniza ndi lignocaine lisadzalowe mumtsempha ngakhale pang'ono, chifukwa lingasokoneze kagundidwe ka mtima kapena kukomola mwana. Komanso onani kuti mabotolo awiriwa amafanana maonekedwe pamene mphamvu zake n'zosiyana. Khanda la 3 kg lofunika 150 mg lipatsidwa 1.5 ml ya wamumtsempha, koma 1.5 ml yomweyo yotengedwa m'botolo la wamumnofu ndi 375 mg. Wolemba mankhwala alembe kulemera kwa mwana ndi mamiligalamu, osati mamililita okha, ndipo wosakaniza alembe pabotolo chimene wathiramo ndi nthawi yake.

Malangizo a opanga amati mlingo wa 50 mg pa kilogalamu kapena kuposa, kwa mwana wosakwana zaka 12, uyende m'diripi kwa mphindi 30, ndipo kwa khanda ola lathunthu. Tikudziwa kuti m'mawodi ambiri amangokankha ndi sirinji. Ngati palibe kuchitira mwina, akankhidwe modekha, mphindi zosachepera 5. Kuthamangitsa kumawotcha mtsempha, kanula imawonongeka msanga, mawa lake n'kuyamba kusaka pobaya pena.

Chenjezo lalikulu ndi la calcium. Ceftriaxone akakumana ndi calcium amapanga timibulu tosasungunuka, ndipo pali makhanda amene anamwalira timibuluto n'kupezeka m'mapapo ndi mu impso zawo. Bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza za zimenezi mu 2007. Ringer's lactate, diripi imene imapachikidwa tsiku ndi tsiku kwa ana otha madzi m'thupi, muli calcium. Choncho cef asasungunulidwe ndi Ringer's ndipo asabayidwe m'chingwe chimene Ringer's akuyendamo. Kwa mwana wopitirira masiku 28, imitsani diripi, tsukani kanula ndi normal saline, bayani, tsukaninso, kenako tsegulani diripi. Kwa khanda la masiku 28 kapena kucheperapo limene likulandira calcium mumtsempha, cef asaperekedwe konse, ngakhale kudzera m'kanula ina.

Chenjezo lachiwiri ndi chikasu. Cef amalanda malo a bilirubin, chinthu chimene chimachititsa chikasu, pa mapuloteni a m'magazi, ndipo bilirubin womasukayo angathe kukwera ku ubongo wa khanda n'kuliwononga kwa moyo wonse. N'chifukwa chake saloledwa kwa khanda lachikasu ndi kwa lobadwa masiku asanakwane mpaka litakwanitsa masabata 41 kuwerengera ndi a m'mimba. Cefotaxime, ngati alipo, ndiye wolowa m'malo.

Akasungunulidwa, malangizo a Rocephin amati agwiritsidwe ntchito pasanathe maola 6 ngati kutentha sikupitirira madigiri 25, kapena maola 24 ali m'firiji. Mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Mangochi chipinda cha madigiri 25 n'chosowa, ndiye firiji ndi yofunika. Ku chipinda cha makhanda botolo limodzi limakwanira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo palibe angafune kulitaya. Kugawana kumatheka ngati labala ipukutidwa ndi spirit, singano ndi sirinji zikhala zatsopano ulendo uliwonse. Chizolowezi chosiya singano itazikidwa pa labala kuti aliyense azingotungapo n'choopsa, chifukwa ndi khomo lolowera tizilombo. Madzi ake kukhala achikasu pang'ono si vuto. Ufa woumbika, wakuda kapena botolo lopyola tsiku, tayani, ndipo wogula aonetsetse kuti ndi mankhwala olembetsedwa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku Malawi.

Zovuta zina n'zodziwika: kutsegula m'mimba, zoyera m'kamwa, totupa pakhungu. Akaperekedwa wambiri kwa masiku ambiri amasiya matope m'kathumba ka ndulu, mwana n'kumadandaula kuwawa kumanja pansi pa nthiti, zimene zimatha mankhwala akasiyidwa. Chosowa koma chakupha ndi kusweka kwa magazi: mwana amayera manja mwadzidzidzi, mkodzo n'kuda ngati tiyi, makamaka wa sickle cell amene wabayidwapo cef kambirimbiri. Kuno n'kosavuta kungoti ndi malungo n'kupitiriza kubaya. Funsaninso ngati mwana anatupapo nkhope kapena kubanika atalandira penicillin, ndipo adrenaline, jakisoni wopulumutsira mwana amene thupi lake lakana mankhwala, akhale pafupi.

Zimene sizilembedwa pa botolo

Pafupifupi 40 mpaka 50 pa 100 ya ceftriaxone satuluka ndi mkodzo, amatuluka ndi ndulu kulowa m'matumbo. M'menemo muli mabakiteriya osawerengeka, ambiri osalakwa kanthu. Cef amasesa onse omumva n'kusiya amene ali ndi ESBL, chida chimene bakiteriya amadulira mankhwalawa asanagwire ntchito. Otsalawo amapeza munda wopanda opikisana nawo n'kuswana. Amatuluka ndi chimbudzi, amakhala pa thewera, m'manja mwa mayi ndi namwino, pa sinki, pa kabedi, kenako pa kanula ya khanda lina limene silinabayidwepo cef n'komwe. Choipitsitsa n'chakuti chibadwa cha ESBL chimayenda pa kachidutswa kotchedwa plasmid, kamene kamadumpha kuchoka kwa bakiteriya wa E. coli kupita kwa wa Klebsiella, ndipo kawirikawiri kamanyamulanso kusamva gentamicin, ciprofloxacin ndi bactrim. Cef akagwa amagwa ndi anzake.

Ku Malawi tili ndi mwayi kuti zimenezi zinalembedwa. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mogwirizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, chakhala chikuyeza magazi a odwala otentha thupi kuyambira 1998. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2017 zinaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2016, E. coli wa ESBL anakwera kuchoka pa 0.7 kufika pa 30.3 peresenti, ndipo Klebsiella kuchoka pa 11.8 kufika pa 90.5 peresenti. Kafukufuku wina wa pa chipatala chomwecho, woyang'ana ana okha kuyambira 1998 mpaka 2017, anapeza kuti mwa makhanda osapitirira masiku 60, mabakiteriya osamva mankhwala onse oyambira anakwera kuchoka pa 7 kufika pafupifupi 68 peresenti.

Pa wodi zikutanthauza izi. Khanda limene ladwala pa tsiku lachisanu lili kale m'chipatala, ngati lagwidwa ndi Klebsiella, maulendo 9 pa 10 cef amakhala ngati madzi. Komabe zimene zimachitika n'zakuti X-pen ndi genta (gentamicin) akaoneka kuti sakuthandiza, m'failo mumalembedwa kuti asinthidwe kupita ku cef, aliyense n'kumva ngati wakwera sitepe. Masiku awiri kapena atatu amatayika pamenepo. Ndipotu kafukufuku wa ku Blantyre wa 2017 woyerekeza cef ndi X-pen wophatikiza genta mwa makhanda osakwana masiku 60 sanapeze kuti cef amaposa.

Palinso tizilombo timene cef sanatigwirepo chiyambire: Listeria, Enterococcus, Pseudomonas ndi Staphylococcus wa mtundu wa MRSA. Mavairasi, malungo ndi TB tisanene n'komwe. Pa chithupsa chachikulu kapena mafinya a m'fupa, cloxacillin amagwira bwino Staphylococcus kuposa cef. Matumbo akabooka ndi taifodi, cef yekha sakwanira, pamafunika metronidazole ndi opaleshoni.

Mu 2017 bungwe la WHO linagawa maantibayotiki m'magulu atatu, Access, Watch ndi Reserve. Amoxicillin, ampicillin, X-pen, gentamicin ndi cloxacillin ali mu Access, gulu loyambira. Ceftriaxone ali mu Watch, gulu loti liziperekedwa pali chifukwa chenicheni. Mu 2024 mayiko anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030, 70 peresenti ya maantibayotiki a anthu azichokera mu Access. Wodi imene cef ndiye moni wa mwana aliyense wogonekedwa singayandikire pamenepo.

Pamene pali china chabwino

Chibayo choopsa, malangizo a WHO amati chiyambidwe ndi ampicillin 50 mg pa kilogalamu kapena X-pen mayuniti 50,000 pa kilogalamu maola 6 alionse, kuphatikiza gentamicin 7.5 mg pa kilogalamu kamodzi patsiku, kwa masiku osachepera 5. Cef wa 80 mg pa kilogalamu amabwera ngati pakadutsa maola 48 mwana sakusintha. Mwana wopuma mothamanga kapena wolowa nthiti, koma akumwa, sakukomoka ndipo oxygen wake ali bwino, safunika jakisoni ayi. Amoxicillin wosungunuka m'madzi wa 250 mg amakwanira, kawiri patsiku: piritsi limodzi kwa wa 4 kg mpaka kuchepera 10 kg, awiri kwa wa 10 mpaka kuchepera 14 kg, atatu kwa wa 14 mpaka 19 kg.

Kamwana kosakwana chaka kamene kanayamba ndi chimfine n'kuyamba kulira m'chifuwa ngati mluzu, kawirikawiri ndi vairasi. Chimene chimakapulumutsa ndi oxygen, makina othandiza kupuma a CPAP monga Pumani, kuyeretsa m'mphuno ndi kuonetsetsa kuti kakudya, ngakhale kudzera m'kachubu. Kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha kumafuna Thanzi ORS ndi zinc, 20 mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa wosakwana miyezi 6. Kamwazi ndiye amafuna antibayotiki, ndipo woyamba ndi ciprofloxacin wakumwa 15 mg pa kilogalamu kawiri patsiku kwa masiku 3.

Malungo ndi pamene pamafunika nzeru. Mwana wokomoka amene wapezeka ndi malungo apatsidwe artesunate, ndipo n'koyenera kumuyambitsanso cef pa mlingo wa matenda oumitsa khosi, chifukwa matenda awiriwa sasiyanitsika ndi maso. Cholakwika si kuyamba, n'kusasiya. Madzi a pamsana akatengedwa n'kupezeka oyera, mwana n'kudzuka, thupi n'kuzizira, chifukwa chobayira cef chatha, koma pa tchati amapitirirabe mpaka tsiku lotuluka poti palibe amene anamudula mzere.

Tisaiwale kuti ana a lero si a 2005. Katemera wa bakiteriya wa Hib analowa mu 2002, wa chibayo wa PCV mu 2011, wa taifodi mu 2023. Mwa ana otentha thupi amene akufika lero, ogwidwa ndi mabakiteriya oopsa aja achepa, pamene cholembera chikulembabe monga kale.

Chothandiza kwambiri chimene tingalangize sichilira ndalama. Tsiku loyamba, pafupi ndi dzina la mankhwala, lembani chifukwa chake ndi tsiku loti aunikidwenso. Komwe kuli labu yomeretsa tizilombo, magazi atengedwe jakisoni woyamba asanalowe, koma mwana wozizira manja ndi wofooka kwambiri asadikiritsidwe, alandire pasanathe ola. M'zipatala za maboma zimene zilibe labu yotere, kuyeza malungo, madzi a pamsana, mkodzo ndi kumuyang'ananso mwana mofatsa kumayankha mafunso ambiri. Pakatha maola 48 funsani zitatu: kodi ndi bakiteriyadi, kodi mwana angathe kumwa, kodi tisiya liti. Amene thupi lazizira ndipo akudya asinthidwe kupita ku mankhwala akumwa, kanula ichotsedwe, poti nayo ndi njira ya matenda.

Ngakhale pa matenda oumitsa khosi, masiku angathe kuchepa. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, wosindikizidwa mu 2011, anachitika m'mayiko asanu kuphatikizapo Malawi pa ana opitirira 1,000 a miyezi 2 mpaka zaka 12. Ana amene anali atapeza bwino pofika tsiku lachisanu, ogwidwa ndi mabakiteriya a pneumococcus, Hib kapena meningococcus, sanapindule kanthu ndi kupitiriza cef mpaka masiku 10. Zimenezi sizikhudza makhanda, ana ogwidwa ndi Salmonella ku ubongo, kapena amene akutenthabe thupi ndi kukomoka. Amenewo amafuna masiku ochuluka.

Kodi kuchepetsa cef sikungaphe odwala? Ku mawodi a akuluakulu a Queen Elizabeth anayesa, ndi malangizo oikidwa pa foni za madokotala ndi kuunikanso mafailo. Zotsatira za 2020 zinaonetsa kuti gawo la jakisoni wa gulu la cef mwa maantibayotiki olembedwa linatsika kuchoka pa 80 kufika pa 54 peresenti, ndipo imfa sizinachuluke. Anali akuluakulu, osati ana, ndiye tisakokere patali, komabe zikuonetsa kuti chizolowezicho chimasunthika.

Kunja kwa mawodi nkhani ndi yoipirapo. M'makiliniki ena olipira, mwana wotentha thupi amapatsidwa cef wa masiku atatu, kanula ili padzanja, n'kumabwera kuchokera kunyumba, nthawi zina asanayezedwe kalikonse kupatula malungo. Makolo nawo amakhutira, poti ambiri timakhulupirira kuti jakisoni ndiye mankhwala enieni, piritsi n'longotonthoza. Amoxicillin wakumwa amalowa m'magazi bwino lomwe mwa mwana amene sakusanza. Kholo lili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, jakisoniyu ndi wa matenda anji, nanga atha liti?" ndi kupempha kuti dzina ndi masiku zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana. Dokotala wotsatira akadziwa kuti mwana wabayidwa cef sabata yatha, amaganiza mosiyana za tizilombo timene tingakhale m'thupi mwake.

Labu ikabweza yankho lakuti ndi Klebsiella wa ESBL, zotsala n'zochepa. Amikacin, 15 mg pa kilogalamu kamodzi patsiku, amagwirabe tizilombo tambiri totere, koma angawononge impso ndi makutu, salowa bwino ku ubongo, ndipo zipatala zambiri zilibe njira yoyezera kuchuluka kwake m'magazi. Meropenem ndiye wodalirika, 20 mg pa kilogalamu, kapena 40 mg ngati matenda afika ku ubongo. Ndi wokwera mtengo, sapezeka kawirikawiri kunja kwa zipatala zazikulu, ndipo tizilombo tosamumva tapezeka kale ku Malawi. Kwa ana ambiri amabayidwa mumtsempha maola 8 alionse, usana ndi usiku, kanula ikatuluka n'kusaka mtsempha wina, namwino wake ndi yemwe uja mmodzi wa usiku.